Kanikiza, Usasuzumire

Tadala, tandiwerengerenso uthenga uja wa pafoni. Werenga pang'onopang'ono, makutu akalewa amafuna kuti kukoma kulowe bwino. Eya! Akuti wasankhidwa kukaphunzira zachipatala? Ho-o! Nambewe, mwamva kuseriko? Tasiyani kaye chinangwacho, mdzukulu wanu akukakhala dokotala! Ine lero ndivina basi, nyamakazi iyambe yadikira.

Sunthirani kuno ana inu. Yamikani, chotsa tizingwe tako m'makutumo, nyimbozo sizithawa. Inu mumamva anthu kuyambira pa Bua mpaka ku Dwangwa akundiitana kuti aDokotala, ndipo mumaseka chamumtima poti mukudziwa kuti agogo anu sukulu anaisiyira panjira asanadziwe kulemba kalata. Mumadziwanso chipsera chili pamwendo wa bambo anu, chija amatsimphina nacho kukazizira. Dzinalo ndi chipseracho ndi nkhani imodzi. Lero ndikuuzani za tsiku limene moyo wa bambo anu unali m'manja mwangamu, manja a munthu wosesa.

Mukamapita kumsewu, mukangodutsa dambo la mpunga, pali nyumba zitatu zopanda denga pamene pamagona mbuzi. Pamene paja panali kampu yaing'ono ya asilikali, ndipo nyumba yakumapeto inali chipatala chawo. Mkulu wake anali Sajeni Gondwe, bambo wa kumpoto, wamfupi, wandevu zapamlomo zokha, mawu ake ngati ng'oma yaikulu. Ine ndinakumana naye ndili mnyamata, nditapita kukagulitsa mpasa pageti. Atandifunsa mtengo ndinaima njo, chifuwa patsogolo, manja m'mbali.

"Iwe unakhalako ku usilikali?" anandifunsa.

"Ayi bwana, ndimavina malipenga."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Yewo, yewo. Munthu wodziwa kuima adziwanso kusesa. Ubwere mawa."

Ntchito ndinaipeza choncho, popanda kalata iliyonse. Ndinkasesa, kutunga madzi, kuchapa mabandeji ndi kuwayanika, ndiponso kuwiritsa majekiseni. Eetu, kuwiritsa! Inu mumadziwa jekiseni wobaya kamodzi n'kutaya. Athu anali agalasi, tinkawaphika m'kapoto papulayimasi ngati mazira, singano zake zazikulu zoti munthu akangoziona malungo ankayamba kuchepa okha. Pachilonda tinkapaka mankhwala aja onga inki timati jivi. Mwana wopakidwa jivi m'kamwa ankayenda mudzi wonse akuonetsa anzake lilime.

Mwalamulo chipatalacho chinali cha asilikali ndi mabanja awo. Koma m'mawa uliwonse, asilikali odwala akatha kuonedwa, Sajeni ankatulukira pakhonde n'kuyang'ana anthu a m'midzi atakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa geti. "Udzudzu sufunsa nambala ya usilikali," ankatero. "Layisoni, tsekula geti!" Ndiye anthu ankalowa, koma pamzere wowongoka ngati chingwe. Ngakhale nkhalamba ya ndodo inkayesetsa kuwongola msana. Wobwera ndi likodzo, wa malungo, wolasidwa ndi minga ya kampango, onse ankathandizidwa dzuwa lisanafike pamutu. Zikavuta panali galimoto yobiriwira ya mtanda wofiira, inkanyamuka nthawi yomweyo kupita kuchipatala chachikulu cha ku boma. Mayi anu anabadwira m'nyumba imene ija mukuona mbuzi zikugonamo. Sajeni anandithamangitsira panja tsiku limenelo, akuti ndimazungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Nambewe, musaseke, inunso munkakuwa dzina langa lonse.

Zaka zonse zimene ndinagwira kumeneko sindinabayepo munthu jekiseni, sindinaperekepo ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala. Chimene ndinaphunzira ndi chimodzi, ndipo ndinachiphunzira mokalipiridwa. Tsiku lina anabwera msodzi atadzicheka dzanja ndi mpeni. Sajeni anapinda nsalu, kuiika pabala, n'kugwira dzanja langa kulisanjika pamwamba. Iye anapita kukatenga singano yosokera. Ine mtima wa chidwi unandipeza, ndinatukula kansalu kaja pang'ono kuti ndione ngati magazi aleka. Anthu inu! Mawu amene anatuluka m'chipinda muja anauluza mbalame mumtengo wa mango.

"Kanikiza, usasuzumire! Ukufuna kuonamo chiyani, mkazi wako? Ukatukula, magazi amene anayamba kugwirana amamasukanso. Nsalu ikanyowa, ika ina pamwamba. Mwendo kapena mkono ukhale m'mwamba. Wodwala uzimuyankhulitsa asagone. Ndipo dzanja lako lisachoke mpaka ndikuuze ine!"

Mawu amenewo ankawanena kwa aliyense, chaka ndi chaka, mpaka ana a m'mudzi anamupatsa dzina loti Sajeni Usasuzumire. Iye ankalidziwa dzinalo, ndipo ndikuganiza kuti linkamusangalatsa.

Tsono udokotala wanga weniweni unali kubwalo. Inu malipenga mumaonera pafoni, timphindi tiwiri n'kudumphira zina. Ife mpunga ukangolowa m'matumba, mphepo ya mwera ikamazizira, mudzi wonse unkanunkha simbi ya makala. Makabudula oyera, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopukutidwa mpaka kuona nkhope. Zipanda zoimbira tinkazimata kansalu ka kangaude kuti zizilira bwino. Gulu lililonse linali ndi maudindo ngati asilikali enieni: Kingi, Kaputeni wa wezulo, ndi Dokotala. Poti ine ndinkagwira kuchipatala, udindo wa Dokotala unandigwera popanda wotsutsa. Ntchito yanga inali kuyendera ovina asanalowe m'bwalo. Ndinkayang'ana zikhadabo, mano, kolala ya malaya. Wauve ndinkamugamula kuti akudwala, atuluke pamzere akasambe. Ndinadzipangira chomvera pachifuwa ndi kampira ka dilipi kotayidwa, kumapeto kwake n'kumangirira chivindikiro cha kabotolo ka mafuta odzola. Ndikachiika pachifuwa cha munthu n'kupukusa mutu mwachisoni, amayi ankagwa nako kuseka. Agogo anuwa anandikonda chifukwa cha kupukusa mutu kumeneko, asakunamizeni kuti chinali china.

Ndiye chaka china, mayi anu ali kale namwali, kunabwera kalata yochokera kwa akuluakulu akutali. Kampu itsekedwe, asilikali asamukire kwina, chipatala chitsekedwe nawo. Palibe anatifunsa ife a pansi pa mtengo wa mango, poti m'mabuku mwawo ife sitinkawerengedwa kuti ndife odwala awo. Malole anabwera, tinakweza mabedi, makabati, kapoto kanga ka majekiseni. Galimoto yobiriwira inanyamuka yomaliza. Sajeni anavula khoti lake loyera la kuchipatala n'kundiponyera.

"Tenga, uzikavinira. Koma usakabaye munthu, wamva?"

Anafuna kuseka koma sizinatheke. Anakhoma loko pageti ndi manja ake, n'kukwera osatembenuka. Ine ndinalira, sindikubisirani, ndinalira ngati pamaliro.

Miyezi yotsatira ndi imene tinadziwira chimene tinataya. Mwana akatentha thupi, munthu unkayamba kuganiza za mtunda: njira ya mchenga mpaka kumsewu, kudikira galimoto, ulendo wa ku boma, mzere wakumeneko wa anthu a m'boma lonse. Ambiri ankangogula timibulu pagolosale n'kumayembekezera kuti mwina mawa kucha bwino. Mvula itagwa chaka chimenecho tinaika ana awiri a m'mudzi muno, matenda ake omwe aja Sajeni ankathana nawo asanamwe tiyi. Amayi oyembekezera ankanyamuka mwezi usanakwane kukagona pakhonde la achibale ku boma. Mafoni kunalibe, njinga zamoto za kabaza zimene mumangoziimbira inuzi kunalibe. Kunali miyendo.

Chilimwe chotsatira kunafika alendo awiri ochokera ku Mulanje, mayi ndi mwana wake wamwamuna wamkulu kale. Mayiyo ndi malemu agogo anu aFelesiya, asewere anga. Mwanayo ndi Bonifasi, amene lero mumati bambo. Nthawi imeneyo ndinkangomutchula dzina, upongozi unali usanayambe. Anabwera kudzafuna ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa, koma anali asanalembedwe, ndiye anapeza kanyumba kumapeto kwa mudzi wathu, Bonifasi n'kumadula bango kudambo kuti azigulitsa kwa omanga mipanda. Chikwanje chake ankachinola m'mawa ndi masana, chinkameta ubweya wa pamkono.

Tsiku lake linali Loweruka, dzuwa lili pamutu. Tinkayembekezera gulu la malipenga la ku Chia kudzapikisana nafe, ndiye tonse tinali pabwalo titavala kale. Ine ndili mu khoti la Sajeni, Nambewe atalichapa ndi kulisita mpaka linkaima lokha, kampira kanga kali m'khosi. Ndikuyendera mzere, ndinangomva munthu wandigwira mkono mwamphamvu. Kutembenuka, ndi mayi wachilendo, mpango wagwa, mapazi ali fumbi lokhalokha, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati.

"Adokotala! Adokotala, mwana wanga akufa! Wadzitema!"

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Bonifasi chikwanje chinaterereka pabango n'kumulowa pakatumba, kumunsi kwa bondo. Mayi ake anali atamva kwa anthu m'basi kuti kuno kuli chipatala cha asilikali chothandiza aliyense. Anathamanga mpaka kugeti, anapeza loko wa dzimbiri. Pobwerera anakumana ndi amayi pamjigo, mpweya unali utawathera, anangokwanitsa kufunsa kuti, "Dokotala ali kuti?" Amayi aja anayankha zoona zokhazokha. M'mudzi muno Dokotala analipo mmodzi. "Ali pabwalo apo, wavala khoti loyera."

Ndinatsekula pakamwa kuti ndinene kuti mayi, mwalakwitsa, ine ndi wa gule. Koma ndikanawatumiza kwa yani? Ndinangoona miyendo yanga yayamba kuthamanga, gulu lonse la malipenga pambuyo panga, masokosi oyera kulowa nawo m'matope a kudambo.

Tinamupeza atatsamira chulu, milomo yayamba kuyera. Magazi sankangotsika ayi, ankadumpha. Anthu anali atamuzinga kale, aliyense ndi nzeru yake. Mkulu wina anali atafukula dothi la pachulu kuti athire pabala, wina akutsekula kabotolo ka fodya wa mphuno, wina akuti tiyambe tatsuka tione kukula kwake. Ine ndinalowa pakati pawo. Mawu amene anatuluka pakamwa panga sanali anga.

"Chokanipo nonse! Dothilo tayani uko!"

Anthu anabalalika ngati walankhula Sajeni mwiniwake. Ndinavula khoti lija, kulipinda kanayi, kuliika pabala, n'kugwetserapo thupi langa lonse ndi manja awiri. Ndinauza mmodzi atukule mwendo ausanjike paphewa pake. Khoti linafiira pompo. Ndinakuwa kuti malaya! Ana inu, mukanaona amuna aja, amene ankatha kumenyana chifukwa cha kadontho ka tiyi pakolala, akuvula malaya ositidwa bwino n'kumandiponyera. Ndinaika ena pamwamba, enanso pamwamba, osachotsa a pansi.

Kaputeni wathu anazula chitseko cha nyumba yapafupi, mwini wake akuyang'ana kukamwa yasa. Tinamugoneka Bonifasi pachitsekopo, amuna anayi ananyamula. Poyamba aliyense ankaponda mwake, chitseko chikugwedezeka, manja anga akuterereka. Kaputeni anaika wezulo pakamwa. Pyee! Pyee! Amuna aja mapazi anagwirizana nthawi yomweyo, kumanzere, kumanja, monga pabwalo, chitseko chinayenda mosalala ngati bwato pamadzi odekha. Wotopa ankasinthana ndi mnzake osaphonya sitepe. Ine ndikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, manja ali pamwendo, aFelesiya mbali inayo atagwira mutu wa mwana wawo. Aa, sitinavinepo bwino chotero chiyambire!

Pamsewu ovina anaima mzere kudutsa msewu wonse, makabudula oyera, zifuwa pamtunda. Lole yoyamba inali ya Che Saidi wa ku boma, itanyamula matumba a mpunga. Anaponda mabuleki fumbi koboo.

"Ine ndimayesa ndi aboma andigwira! Kwachitika chiyani?" Ataona magazi sanafunsenso. "Bisimila, kwezani, kwezani msanga!"

Pamwamba pa matumba paja ndi pamene panali mayeso enieni. Msewu unali wa mabampu, manja anga anachita dzanzi mpaka m'mapewa, ntchentche inatera pamphuno panga ine osatha kuithamangitsa. Titawoloka Bua, Bonifasi anayamba kutseka maso. Ndinakumbukira kuti asagone.

"Iwe mnyamata, kwanu ku Mulanje mumadya chiyani?"

"Kalongonda," anayankha motsitsa.

"Nyemba zija mumaphika kuyambira m'mawa mpaka mawa lake? Nkhuni kwanu zilipobe?"

"Musanyoze... simunalawe."

"Ndiye uchire, udzandiphikire. Ukafa ndidzauza anthu onse kuti kalongonda ndi chakudya cha mbuzi."

Anamwetulira pang'ono. Ndinamufunsa mayina a mitsinje ya kwawo, mayina a azakhali ake, chilichonse. Koma titayandikira ku boma anasiya kuyankha. Apo mtima unandiuza kuti tukula uone, mwina magazi analeka kale, mwina ukukanikiza polakwika, mwina ukupha mwana wa eni ndi umbuli wako. Chala changa chinayamba kale kufunafuna m'mphepete mwa nsalu. AFelesiya anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsalu. Ndinamumva Sajeni m'khutu ngati ali pa thumba lomwelo: ukufuna kuonamo chiyani? Ndinabweza chala, ndinatseka maso, ndinakanikiza.

Kuchipatala anatilandira mothamanga. Anamuika pabedi la matayala ine ndikadagwirabe, tinalowa tonse mpaka m'chipinda chosokera. Nesi anandiuza kuti bambo, siyani tsopano, tagwira ife. Ndinayesa, zala zinakana. Anachita kuzitukula chimodzichimodzi ngati akumasula nkhanu pa ukonde.

Tinakhala pakhonde ine ndi aFelesiya. Ine ndili ndi kabudula ndi vesiti, magazi mpaka m'zigongono, kampira kanga kakadali lende m'khosi, ndinali nditakaiwala. Patapita nthawi anatuluka dokotala weniweni, wachinyamata, akupukuta m'manja.

"Mayi, mwana wanu ali moyo. Mtsempha tausoka, tamuika magazi, mwendo sitidula." AFelesiya anagwada pansi pomwepo, manja m'mwamba, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinalumpha, ndikukuuzani, ndinalumpha ndi kuponda sitepe ya malipenga pakhonde la chipatala, odwala akundiyang'ana! Dokotala uja anatembenukira kwa ine. "Ndinu munagwira balali? Mukanangotukula kamodzi panjira, bwenzi tikunena zina. Mumagwira chipatala chiti, akulu?"

Chimwemwe chonse chinathera pomwepo. Mayi uja anali pambali panga, amene ananditchula Adokotala ulendo wonse, amene anapereka mwana wake m'manja mwanga. Ndinayang'ana pansi.

"Bwana, ine sindine dokotala. Ndinkasesa kuchipatala cha asilikali chija anatseka. Udokotala wanga ndi wa malipenga." Ndinatembenukira kwa aFelesiya. "Mayi, mundikhululukire. Ndinayenera kukuuzani pabwalo paja."

Ndinkayembekezera kuti akuwa, kapena andimenya ndi mpango. Iwo anadzuka, anapukuta misozi, anagwira kampira kanga n'kutembenuza chivindikiro chija. Dzina la mafuta odzola linali likuonekabe.

"Bambo, ine ndinaona kachivindikiroka musanatembenuke n'komwe. Mafuta amenewa ndimadzola omwewa." Anakasiya pachifuwa panga bwinobwino. "Koma kugeti kuja ndinagogoda mpaka manja kuwawa, kunandiyankha mbuzi. Ndikanapitanso kwa yani?"

Mpaka tsiku limene anamwalira, asewere anga sananditchulepo dzina lina koma aDokotala. Bonifasi atatuluka m'chipatala anabwera ndi ndodo kudzathokoza, atanyamula mphika wa kalongonda. Amene anamulandira mphikawo pakhomo ndi mayi anu, ndipo zotsalazo mukawafunse okha. Kalongondayo ndinadya, ndi wokoma, koma musakawauze bambo anuwo. Khoti la Sajeni silinayerenso. Nambewe analichapa katatu akung'ung'udza, kenako analipinda n'kuliika pansi pa sutikesi, lilipo mpaka lero.

Yamikani, kalowe m'nyumba, pamsomali wa kuseri kwa chitseko pali kampira kakuda, ubwere nako. Eya, komweko. Tadala, tambasula manja. Usaseke, ndikudziwa kuti kusukulu kwanu akakupatsa chenicheni, chonyezimira, chomva mtima zoona. Aka ukakaike pansi pa chikwama. Ukamaliza maphunziro adzakuitana a m'tauni, ndipo sindikuletsa, nzeru ndi zako. Koma geti lija likadali lotseka, mdzukulu wanga, ndipo manja angawa ayamba kunjenjemera, sangathenso kukanikiza kuchokera kuno mpaka ku boma. Tsiku lina mayi wina adzathamanganso m'mudzi muno, mpango utagwa, akufunsa kuti dokotala ali kuti. Ndikufuna amayi a pamjigo akadzaloza, asadzalozenso wovina.